Momwe masensa amagwirira mipweya yoipa imene maso ndi mphuno zimaphonya

Mpweya umene tikupuma mu Lilongwe muno, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni, magawo 21 ndi okosijeni, ndipo kagawo kamodzi kotsalako n'ka argon ndi timipweya tina tochepa. Mipweya imene imadwalitsa ndi kupha anthu imabisala m'kagawo kotsirizako, ndipo imakhala yochepa zedi moti kuiwerenga m'maperesenti sikuthandiza. Akatswiri amaiwerenga mu ppm, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 1,000,000, kapena mu ppb, gawo limodzi pa magawo 1,000,000,000. Mukatenga mililita imodzi ya mpweya woipa n'kuisakaniza m'malita 1,000 a mpweya wabwino, mwapanga 1 ppm. Mukagawa mililita ija ka 1,000 n'kutengapo kagawo kamodzi kokha, mwapanga 1 ppb.

Manambala ochepa chonchi angaoneke osadetsa nkhawa, koma mapapo ndi magazi zimawamva. M'malangizo amene bungwe la World Health Organization (WHO) linatulutsa mu 2021, mpweya wa nitrogen dioxide, umene umatuluka kwambiri m'mainjini a dizilo ndi petulo ndipo umakolezera mphumu, suyenera kupitirira mamayikirogalamu 10 pa kiyubiki mita (mayikirogalamu ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000 a galamu) ukawerengedwa pa chaka chonse. Zimenezi ndi pakati pa 5 ndi 6 ppb. Ndiye kuti pa mamolekyu (tinthu ting'onoting'ono timene timapanga mpweya) pafupifupi 200 miliyoni tikufunafunapo imodzi. Carbon monoxide, wotuluka m'makala ndi nkhuni zikamayaka mpweya ukuchepa, malire ake pa tsiku ndi mamiligalamu 4 pa kiyubiki mita, pakati pa 3 ndi 4 ppm. Sulphur dioxide malire ake ndi mamayikirogalamu 40 pa kiyubiki mita pa tsiku, a ozone ndi 100 pa maola 8. Benzene, wa mu nthunzi ya petulo, amene amayambitsa khansa ya m'magazi, bungweli linati palibe mlingo wake umene tinganene kuti ndi wosaopsa.

Sindikunena za fumbi la mu Okutobala kapena utsi umene umayala pamwamba pa Chinsapo m'mawa wa mu Julayi. Tizidutswa ta utsi ndi fumbi, timene amatitcha PM2.5, tili ndi makina ake owerenga pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo ndi nkhani ina. Ndikunena za mipweya yosaoneka imene imatuluka limodzi ndi utsiwo, nthawi zina popanda utsi n'komwe. Mzinda uno, umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu pafupifupi 989,000, uli ndi magwero ake ambiri: mbaula za makala ku Mtandire, Kawale ndi Area 25, ambiri a makalawo ochokera ku Dzalanyama, magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza zothinana pa mlatho wa Lilongwe ndi ku depoti, majenereta olira magetsi akathima, mafakitale a ku Kanengo, zinyalala zonyeka ku dzala la ku Area 38, mauvuni a njerwa m'mphepete mwa mzinda, ndi moto wa m'tchire kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.

Mphuno imathandizako, koma siyodalirika. Mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda, wa m'zimbudzi za dzenje ndi m'masepitiki thanki, mphuno imaumva ukadali pa ma ppb ochepa. Koma ukafika pa 100 ppm kapena kuposerapo umafoola mitsempha ya m'mphuno, fungo n'kuzimiririka pa nthawi imene ngozi yakula. Anthu amene amalowa m'maenje kukachotsa zonyansa ayenera kudziwa zimenezi. Carbon monoxide ndiye alibiretu fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Choncho pamafunika chinthu china chomva m'malo mwathu, kachipangizo kotchedwa sensa.

Chinthu chilichonse cholimba, kaya chitsulo, galasi kapena khala, chinapangidwa ndi maatomu ogwirana. Atomu imene ili m'kati yazunguliridwa ndi inzake mbali zonse. Imene ili pamwamba penipeni ili ndi mbali imodzi yapululu, choncho imatsala ndi kamphamvu kokoka. Molekyu ya mpweya ikagunda pamenepo siidumpha nthawi yomweyo. Imakakamira kwa kanthawi, kenako n'kuchoka. Kukakamira pamwamba kumeneku asayansi amakutcha adsorption, ndipo masensa ambiri a mipweya, makamaka otsika mtengo, amadalira kumeneku. Sensa siiona mpweya wa m'chipinda chonse. Imangomva zimene zakakamira pamwamba pake, ndipo nambala imene imationetsa ndi chiyerekezo chochokera pamenepo. Ine ndimaona kuti aliyense wogula kapena wopanga kachipangizo kotere ayenera kuyambira pa mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene imamuuza nthawi yokhulupirira nambala ndi nthawi yoikayikira.

Kukakamiraku kuli pawiri. Kwina n'kofooka: molekyu imangotsamira pamwambapo, ndipo mukatenthetsa pang'ono kapena kupititsapo mpweya woyera imachoka. Kwina n'kolimba: molekyu imapatsana ma elekitironi ndi atomu ya pamwambapo, ndipo kuti ichoke pamafunika kutentha kwa madigiri mazanamazana kapena kuti isanduke chinthu china. Wopanga sensa amakhala pakati pa ziwirizi. Akasankha pamalo pogwira mwamphamvu, sensa imamva ngakhale mpweya wochepetsetsa, koma imachedwa kumasuka kuti iyezenso. Akasankha pogwira mofooka, sensa imamasuka msanga koma timipweya tochepa timaidutsa osamveka.

Amene anayala bwino masamu a zimenezi ndi Irving Langmuir wa ku America mu 1918, ndipo ntchito yake ya pamwamba pa zinthu inamupatsitsa mphoto ya Nobel mu 1932. Iye anati malo okakamirapo ndi owerengeka, ndipo mamolekyu amafika ndi kuchoka nthawi zonse. Ganizirani minibasi ya ku Area 25, anthu akukwera ndi kutsika pa siteji iliyonse. Masana, apaulendo akakhala ochepa, mipando yodzaza imakuuzani bwino za anthu amene ali m'masiteji: akachuluka kawiri, mipando yodzaza imachulukanso pafupifupi kawiri. Madzulo, anthu akuweruka, minibasi imadzaziratu, ndipo mukasuzumira m'kati simungadziwe ngati panja patsala anthu 5 kapena 500. Komanso mpando sufunsa kuti wakhalapo ndani. Sensa ndi chimodzimodzi. Ili ndi mlingo umene imayeza molondola, ikapitirira pamenepo imakhuta, ndipo malo ake angathe kulandidwa ndi mpweya wina umene simunafune kuyeza.

Popeza zonse zimachitikira pamwamba, opanga masensa amafunafuna zinthu zokhala ndi pamwamba papakulu m'kanthu kakang'ono. Chodziwika kwambiri ndi makala okonzedwa mwapadera otchedwa activated carbon. Si makala a pamsika aja ayi. Amatenga makala, nthawi zambiri a zikamba za kokonati kapena a matabwa, n'kuwapititsa mu nthunzi yotentha madigiri 800 kapena kuposerapo mpaka m'kati mwake mutadzaza tizibowo tosaoneka ndi maso. Galamu imodzi ya makala otere, mutati muyale makoma onse a tizibowoto, angakwane masikweya mita 1,000, pafupifupi kota ya ekala. Masiku ano kuli zinthu zina zopangidwa m'labotale zotchedwa MOF, zimene tizibowo take timapangidwa pa kukula kumene wopangayo wafuna, kuti molekyu ina ilowe ina ikanike. Zina mwa izo zimafika masikweya mita 7,000 pa galamu. Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi analandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2025 chifukwa cha zinthu zimenezi.

Kugwira molekyu ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kudziwa kuti yagwidwa, ndipo njira yofala kwambiri ndi ya magetsi.

Mu 1962 ku Japan, Tetsuro Seiyama ndi anzake anasonyeza kuti kachigamba kopyapyala ka zinc oxide kamasintha kadutsidwe ka magetsi pakakhala mipweya ina. Chaka chomwecho Naoyoshi Taguchi anali kale pa ntchito yofanana ndi imeneyi, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 masensa ake a tin dioxide anayamba kugulitsidwa kuti azichenjeza gasi wophikira akamatuluka m'nyumba. Masensa ambiri otsika mtengo a lero ndi zidzukulu za amenewo. M'kati mwake muli timbewu ting'onoting'ono ta tin dioxide togundana, ndi kawaya kotenthetsa timbewuto kufika madigiri 200 mpaka 400. Pa kutentha kumeneko okosijeni wa mu mpweya amakakamira pa timbewuto n'kulanda ma elekitironi a pamwamba. Ma elekitironi ndiwo amanyamula magetsi, choncho akalandidwa magetsi amadutsa movutikira kuchoka pa kambewu kena kupita pa kena. Umu ndi momwe sensa imakhalira mu mpweya woyera. Ndiye kubwere carbon monoxide. Amafikira pa okosijeni wokakamira uja, n'kulumikizana naye kusanduka carbon dioxide amene amauluka, ndipo ma elekitironi aja amabwerera m'kambewu. Magetsi amayamba kudutsa mosavuta, ndipo kakompyuta kakang'ono kamasandutsa kusinthako kukhala nambala. Nitrogen dioxide ndi ozone amachita zotsutsana: iwonso ndi olanda ma elekitironi, choncho amaonjezera kuvuta kwa magetsi kudutsa.

Apa pali msampha umene anthu ambiri sauona. Pamphambano pamene magalimoto aima mainjini akulira, carbon monoxide ndi nitrogen dioxide amatuluka limodzi. Wina akukokera nambala pansi, wina akuikankhira m'mwamba. Sensa imodzi yotere ingathe kusonyeza kuti mpweya uli bwinoko pamene mipweya yoipa iwiri yangofafanizana pamwamba pake. Opanga amayesetsa kuchepetsa vutoli pothira timadontho ta palladium kapena platinum tokondera mpweya umodzi, poika kasefa ka makala kutsogolo, kapena posinthasintha kutentha. Sensa ya MQ-7, imene ophunzira ambiri amaitanitsa pa intaneti kuti alumikize ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, imafuna kutenthetsedwa kwambiri masekondi 60 kuti iwotche zokakamira zonse, kenako itsitsidwe moto masekondi 90, ndipo carbon monoxide amawerengedwa pa nthawi yozizirapoyi. Wongoilumikiza ku magetsi osasinthasintha amapeza manambala, koma sangawakhulupirire.

Njira yachiwiri ndi yoyeza kulemera, ndipo imandisangalatsa chifukwa cha kuphweka kwa ganizo lake. Kamwala ka quartz kakapatsidwa magetsi kamanjenjemera pa liwiro lokhazikika. Ka mu wotchi ya pamkono kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Ka mu sensa ndi kopyapyala, ndipo kamanjenjemera ka 5 miliyoni kapena 10 miliyoni pa sekondi. Mu 1959 Günter Sauerbrey wa ku Germany anasonyeza kuti kanthu kakakakamira pa kamwalako, liwirolo limatsika molingana ndi kulemera kwa chokakamiracho. Pa kamwala konjenjemera ka 5 miliyoni, kutsika kumodzi pa sekondi kumatanthauza kuti pawonjezeka ma nanogalamu pafupifupi 18 pa sikweya sentimita, pamene nanogalamu ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000,000 a galamu. Mukapaka kamwalako chinthu chokonda mpweya umodzi, monga MOF, mwapanga sikelo yoyeza mamolekyu. Koma sikeloyi imangodziwa kulemera. Madzi akakakamira, nawonso amalemera.

Ku mapeto ena a sayansiyi, gulu la ku University of Manchester, m'mene munali Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, linalengeza mu 2007 kuti lamva molekyu imodzi ya nitrogen dioxide ikukakamira ndi kuchoka pa graphene, kansalu ka kaboni kochindikala atomu imodzi. Zimenezo zinachitikira m'labotale, mu mpweya wosefedwa bwino. Zinasonyeza kuti kumva tochepa n'kotheka. Chovuta chenicheni ndi kumva tochepato pakati pa zina zonse za mu mpweya wa pamsewu.

Njira yachitatu ilibe magetsi, ilibe batire, ndipo ndi imene ndimaona kuti ikuyenera mzinda wathu kuposa momwe timaiganizira. Mu 1976 Edward Palmes wa ku America anafotokoza kachubu ka pulasitiki kotalika masentimita 7, kotseka mbali imodzi. Kumbali yotsekayo kuli timawaya tolukana topakidwa mankhwala otchedwa triethanolamine, amene amagwira nitrogen dioxide osamutayanso. Mumapachika kachubuko pa polo, pamwamba pa mamita 2 kapena 3, kukamwa kuloza pansi kuti mvula isalowe. Popeza kumapeto kwake mpweyawo ukugwidwa nthawi zonse, mamolekyu ena amalowa okha kutsatira, pa liwiro limene limadziwika kuchokera ku kutalika ndi kukula kwa chubu. Pakatha masabata 2 mpaka 4 mumatseka, n'kupita nako ku labotale. Kumeneko amasungunula zogwidwazo, n'kuthira mankhwala amene amasandutsa madziwo kukhala ofiirira, ndipo kuya kwa mtunduwo kumayezedwa ndi makina otchedwa spectrophotometer, odziwika kwa aliyense amene anaphunzira chemistry ku yunivesite. Makhonsolo a ku Britain akhala akugwiritsa ntchito timachubu totere kwa zaka zambiri m'misewu yawo. Benzene amagwidwa mofananamo ndi timachubu ta makala kapena ta ufa wogwira nthunzi wotchedwa Tenax, timene ku labotale amatitenthetsa kapena kutitsuka kuti zogwidwa zonse zituluke pamodzi n'kulowa m'makina olekanitsa mipweya. Nzeru yake ndi yakuti zimene zinali zochepa kwambiri pa mphindi imodzi zimaunjikana pa mwezi mpaka kukwana kuyezedwa.

Kachubu sikangakuuzeni kuti mpweya unaipa Lachisanu nthawi ya 5 koloko. Kamangopereka nambala imodzi ya mwezi wonse, ndipo nambalayo ingaphonye ndi magawo 20 kapena 25 pa 100. Mphepo yamphamvu imakanamiza, dzuwa ndi kutentha nazonso. N'chifukwa chake amapachika atatu pamalo amodzi, ndipo kena amakasunga kotseka kuti adziwe zimene zalowa panjira. Komabe pa funso lakuti ana a pasukulu ya m'mbali mwa M1 akupuma nitrogen dioxide wochuluka bwanji poyerekeza ndi a pasukulu ya m'kati mwa Area 47, kachubu kamayankha bwino.

Tsopano tibwere ku zimene zimasokoneza masensa a magetsi kwathu kuno. Choyamba ndi chinyezi. M'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, nthunzi ya madzi mu mpweya imaposa 20,000 ppm. Poyerekeza ndi nitrogen dioxide wa 5 ppb, molekyu imodzi imene tikufuna ikulimbirana malo ndi mamolekyu a madzi 4 miliyoni. Madzi amakakamira pa tin dioxide n'kusintha kadutsidwe ka magetsi, amalemeretsa quartz, amadzaza tizibowo ta makala. Sensa imene inachunidwa mu Seputembala kukali gwa, idzapereka nambala ina mu Febuluwale ngakhale mpweya woipa utakhala wofanana. Ngakhale pa tsiku limodzi, chinyezi chimakwera m'bandakucha n'kutsika masana, ndipo munthu wosadziwa akaona mzere wa pa kompyuta ukukwera m'mawa n'kutsika masana amati waona utsi wa magalimoto opita ku ntchito, pamene mwina waona mame.

Kutentha nakonso kumalowerera. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, masana a mu Okutobala kumafika 30 kapena kuposerapo, ndipo kabokosi komangidwa padzuwa pansi pa malata kamatentha kuposa pamenepo. Kukatentha mamolekyu amachoka msanga pamalo pamene anakakamira, choncho mlingo womwewo wa mpweya umapereka nambala yosiyana. Palinso ukalamba. Timbewu ta tin dioxide, chifukwa chokhalira kutenthetsedwa, timalumikizana pang'onopang'ono, pamwamba pake n'kuchepa. Nthunzi ya silikoni wa m'guluu womatira mabokosi imakuta pamwambapo osachokanso, ndipo mipweya ya sulphur imawononga timadontho ta palladium tija. Sensa siimalengeza kuti yakalamba. Imapitiriza kutulutsa manambala. Magetsi akathima kawaya kotenthetsa kamazizira, madzi ndi zina zimakakamira, ndipo akayakanso pamafunika nthawi kuti ikhazikike. Sensa yatsopano imafuna masiku awiri ikuyaka isanayambe kudaliridwa.

Pali kanthu kenanso kamene kamakhudza Lilongwe mwapadera. Mzindawu uli pamwamba pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wathu ndi wopepukirapo ndi magawo pafupifupi 12 pa 100. Mabuku ambiri amati 1 ppb ya nitrogen dioxide ndi mamayikirogalamu 1.88 pa kiyubiki mita, koma nambala imeneyo ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere pa madigiri 25. Kuno imatsika kufika pafupifupi 1.7. Wosandutsa ma ppb kuti ayerekeze ndi malire a WHO osaganizira zimenezi amakuza nambala yake asanayambe n'komwe kufotokoza.

Ndikufuna kulankhula mwachindunji ndi achinyamata a m'makoleji amene amapanga mapulojekiti oyeza mpweya, chifukwa ntchito yawo ndi yofunika ndipo ndikufuna ikhale yolimba. Sensa ya MQ-135 imagulitsidwa ngati yoyeza ubwino wa mpweya, koma imamva ammonia, mowa, benzene ndi utsi zonse pamodzi, kuyambira pa ma ppm 10 kupita m'mwamba. Mukatsegula botolo la sanitaiza pafupi nayo nambala imalumpha. MQ-7 imayamba kumva bwino pa 10 kapena 20 ppm, pamene malire a WHO a tsiku ndi osakwana 4 ppm. Choncho masensa amenewa sangayankhe funso lakuti mpweya wa ku City Centre ukukwaniritsa malangizo a WHO. Koma angayankhe funso lina lofunika kwambiri: mbaula ikamayaka m'khitchini yotseka, carbon monoxide amakwera msanga bwanji, ndipo zenera likatsegulidwa amatsika pakatha mphindi zingati? M'khitchini motere milingo imafika makumi ngakhale mazana a ppm, pamene sensayo imamva bwino. Funso liyenera kufanana ndi mphamvu ya chipangizo.

Carbon monoxide ndiye amene ndingayambire kuyeza m'nyumba zathu. Amagwira haemoglobin, chonyamulira okosijeni m'magazi, mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 kapena kupitirirapo. Zizindikiro zake ndi kupweteka mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene ambiri amazitenga ngati malungo. Chosiyanitsa n'chakuti banja lonse limadwala nthawi imodzi ndipo amapezako bwino akatuluka panja. Munthu wogona samva chilichonse. M'nyengo yachisanu, pamene mbaula imalowetsedwa kuchipinda zitseko n'kutsekedwa, makala ofiira opanda utsi aja amakhala akutulutsabe mpweyawu. Ma alamu a carbon monoxide ogulitsidwa m'masitolo ambiri amagwiritsa ntchito kaselo kokhala ndi asidi ndi timapuleti ta platinum. Mpweyawo umakakamira pa platinum, n'kusanduka carbon dioxide, ndipo potero umatulutsa kamagetsi kochepa kolingana ndi kuchuluka kwake. Kutsogolo kumakhala kasefa ka makala kogwira nthunzi ya mowa ndi mipweya ina yosokoneza. Malinga ndi muyeso wa ku Ulaya wa EN 50291, alamu iyenera kulira pakati pa mphindi 60 ndi 90 mpweya ukakhala pa 50 ppm, pakati pa mphindi 10 ndi 40 ukakhala pa 100 ppm, ndiponso zisanakwane mphindi 3 ukafika 300 ppm. Alamu yotere inapangidwira kupulumutsa moyo usiku, choncho ingakhale chete pa 20 ppm, mlingo umene ndi woipabe kwa mayi woyembekezera amene amaupuma tsiku ndi tsiku. Imathanso ntchito pakapita zaka 5 mpaka 10, ndipo tsiku lake limalembedwa kumbuyo. Ikalira, onse atuluke panja, zitseko zitsegulidwe, ndipo amene wasokonezeka mutu kapena kukomoka apite naye kuchipatala akapatsidwe okosijeni.

Dziko lathu lili ndi phunziro lake pa kufunika koyeza. Kafukufuku wa Cooking and Pneumonia Study anachitikira ku Chikhwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu The Lancet mu 2017. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Chibayo mwa ana sichinachepe m'mabanja a mbaula zamakono. Mbaula imene imachita bwino poyesedwa m'labotale siitsimikizira kuti mwana akupuma mpweya wabwino, popeza mwanayo amakhalanso pafupi ndi zinyalala zopsa, moto wa anansi ndi mafuwa akale amene banja limabwererako mbaula ikawonongeka. Chimene chimafunika kudziwika ndi mpweya umene ukulowa m'mphuno mwa mwanayo tsiku lonse, ndipo apa ndi pamene timasensa tating'ono tovala pathupi timagwira ntchito imene makina aakulu sangathe.

Makina aakuluwo ndi ofunikabe, chifukwa ndiwo muyeso wa enawo. Amagwiritsa ntchito kuwala: ozone amayezedwa ndi momwe amamezera kuwala kwa ultraviolet, carbon monoxide ndi kuwala kwa infrared, nitrogen dioxide ndi kuwala kumene kumatuluka mipweya ikalumikizana m'kati mwa makinawo. Ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osadukiza, chipinda chozizira ndi masilinda a mpweya wodziwika mlingo wochunira. Mzinda sungakhale nawo pangodya iliyonse. Koma siteshoni imodzi yosamalidwa bwino imapereka mphamvu kwa masensa otsika mtengo ambirimbiri. Mumawaika onse pambali pa makina aakuluwo kwa masabata angapo, n'kuona kuti iliyonse ikuphonya bwanji kukatentha, kukazizira, kukachita chinyezi. Mukapeza masamu okonzera sensa iliyonse payokha, popeza ngakhale ziwiri za m'bokosi limodzi sizifanana, mumazimwaza m'madera. Anzathu a ku Makerere University ku Uganda, kudzera m'ntchito yawo ya AirQo, asonyeza kuti njira yophatikiza chonchi imatheka mu mzinda wa mu Africa, ngakhale iwo alimbikira kwambiri pa tizidutswa ta utsi.

Lamulo la Environment Management Act la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo kuyang'anira mpweya ndi gawo la ntchito yoteteza chilengedwe. Malawi Bureau of Standards imaona kale masikelo a pamsika ndi mapampu a mafuta ngati akuyeza zoona. Ine ndikuona kuti zipangizo zoyeza mpweya, makamaka ma alamu amene anthu amaikapo moyo wawo, zikuyenera kuonedwa chimodzimodzi. Mayunivesite monga LUANAR ali ndi ophunzira amene angapachike timachubu ku depoti, ku Kanengo, pa Area 18, m'masukulu ndi m'zipatala, mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, pa mtengo wochepa poyerekeza ndi makina aakulu. Ozone naye asaiwalike. Satuluka m'paipi ya galimoto, amapangika mumlengalenga dzuwa likawomba utsi wa mainjini ndi wa moto wa m'tchire, choncho amachuluka m'chilimwe, ndipo amawononga mapapo komanso masamba a nyemba ndi soya.

Aliyense wofalitsa nambala ya mpweya, kaya ndi wophunzira, bungwe kapena ofesi ya boma, alembe pambali pake mtundu wa sensa, msinkhu wake, kutentha ndi chinyezi cha nthawi imene anayeza, ndiponso tsiku limene anaifananiza ndi makina odalirika. Kwathu kuno kufananizako kuchitike kawiri pa chaka, kamodzi mu Seputembala kapena Okutobala kukali kouma, kenanso mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati.